Osakhulupirira Zolembedwa Kunja

M'nyumba muno,
kuseri kwa siteshoni ya basi ku Bilston,
osakhulupirira zolembedwa kunja.
Kontena ya majarini ili ndi nyemba za dzana.
Botolo la khofi linasanduka la mchere kalekale.
Chitini cha mabisiketi a Khirisimasi,
chija chojambulidwa tinyumba tokutidwa ndi chipale,
mukachitsegula mupeza singano, mabatani amasiye,
ndi makalata a viza omangidwa ndi labala.

Sungeni ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri
anapeza kontena ya ayisikilimu m'firiji.
Anavina khitchini yonse, supuni m'mwamba,
chivindikiro pho!
Nkhwani wotendera, wouma gwa ndi kuzizira,
ali tong'o kumuyang'ana.
Analira ngati wina wamutsina.
"Amayi, nyumba yathu ndi ya mabodza."

Ndinaseka.
Koma pabasi ya mbandakucha,
pochokera kosambitsa okalamba a eni,
mawuwo anakhala nane mpando umodzi.

Ndikanamuuza bwanji mwana
kuti ndinaima m'sitolo tsiku lina
nditagwira makontena atatu opanda kanthu,
mtengo wake mapaundi asanu?
Ndigule mphepo ya chivindikiro, ine?
Mapaundi asanu ndi mita ya magetsi kusiya kulira.
Ndi mankhwala a shuga a achimwene ku Ntcheu.
Ndinawabwezera pashelefu mwaulemu
ngati ndikubweza mwana wa mwini.

Ndiye ndimaviika, ndimatsuka,
ndimakanda pepala ndi chikhadabo mpaka limve.
Fungo la anyezi ndi lamakani,
limafuna soda, ndi tsiku lathunthu pawindo
dzuwa likakumbukira kuti kuno kulinso anthu.
Timakapu ta yogati ndimatiboola ndi msomali wamoto.
Mpiru wamera mmenemo, wowonda, wopendekera kugalasi,
koma ndi mpiru.

Lachinayi m'mawa agalimoto ya zinyalala
amanyamula bini yanga ndi dzanja limodzi.
Mwina amati muno sitidya.

Amene anandigwira ndi Mayi Pritchard a khomo linalo,
zaka makumi asanu ndi atatu, ndodo, ndi galu wogontha.
Anagogoda madzulo ena mvula ikuwaza,
maso awo ali pamzere wa mabotolo pawindo langa.
Ndinati basi, abwera kudzadandaula.
"Mungandibwerekeko awiri?
Anga atha, ndipo mapulamu akugwa okha."
Botolo linabwerako lili ndi jamu, lofunda ngati mwana.
Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu:
ndinalibweza ndi kambuzi wa m'mafuta.
Anatsokomola mpaka galu wogonthayo anadzuka,
mawa lake n'kudzafunsa ngati watsalako.
Botolo limodzi lomwelo
lawoloka mpanda kosawerengeka,
chivindikiro chake chachita dzimbiri m'mphepete.

Pali zina zimene sindinazipatse ntchito.
Zili pansi pa sinki, zolowetsana ngati zipewa,
zivindikiro zambiri kuposa eni ake.
Ukatsegula kabati zimakugwera pamapazi.
Sindikana, mwina ndinapitirira.

Chaka chino Sungeni wapita kukoleji ku Sheffield.
Usiku wolongeza ndinamva madzi akuyenda kukhitchini.
Ndinasuzumira.
Ali chiweramire pasinki,
akukanda pepala ndi chikhadabo.
Sindinanene kanthu, ndinabwerera chamtende.

Dzulo waimba foni, kuseka kukumutsamwitsa.
Akuti firiji yawo ndi ya anthu asanu ndi mmodzi
ndipo muli wakuba wa usiku,
wamaliza tchizi, mkaka, soseji za anzake.
Lachiwiri anafika pa kontena ya ayisikilimu
yolembedwa dzina la mwana wanga.
M'mawa anaipeza pathebulo, yotsegula,
supuni yoyera ili pambali,
nkhwani uli tong'o, wosakhudzidwa.

"Amayi," akutero,
"musataye ija yaikulu ya buluu.
Ndidzaitenga pa holide."